Masitazi ya Mlatho wa Muyaya

Mu Ufumu wa Tionekere munthu samuyeza ndi zimene wachita, amamuyeza ndi kutalika kwa mchira wake. Musafulumire kuganiza kuti anthu akumeneko ndi anyani. Mchira ndi dzina limene amayi a mumsika anapatsa kansalu kaja kolendewera kumsana kwa mkanjo wa munthu amene walandira digiri ya masitazi, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ngakhale a kunyumba yachifumu anayamba kulitchula osaona chachilendo.

Kale digiri imodzi inkakwana. Ukabwera nayo kubwalo la alangizi a mfumu ankakupatsa mpando, kapu ya tiyi ndi mpata wolankhula. Koma achinyamata a ku Tionekere, posowa ntchito, anangoti bola tizipita kusukulu, ndipo pasanapite nthawi ngakhale wokupalasa pa kabaza anali ndi digiri yake m'thumba la pulasitiki. Mfumu Kadzitame Wachitatu itaona kuti shuga akutha msanga m'bwalomo, inatulutsa lamulo lakuti wolangiza mfumu azikhala ndi digiri yachiwiri. Lamulolo linafotokozanso tanthauzo la digiriyo kuti pasapezeke wonamizira kusadziwa: "Masitazi ndi umboni wakuti munthu wamaliza kulakwitsa. Wa masitazi salephera, sagwa, ndipo safunsidwa."

Ndiye poti masitazi ili ndi mitundu, mipando nayo inayalidwa potsata mitunduyo. Pamapazi pa mfumu penipeni pankakhala a masitazi yaulemu. Awa sanalowepo m'kalasi, ndipo n'chimene chinkawapatsa ulemu woposa, pakuti nzeru zawo zinali zisanadetsedwe ndi mphunzitsi aliyense. Michira yawo inali yachikasu, yokwekwereza pansi, moti poyenda ankaikulunga pamkono. Kumbuyo kwawo kunkakhala a masitazi ya zamalonda, amene ankaphunzira Loweruka lokha, kuhotela, pakati pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana. Kenaka a masitazi ya m'kalasi, oloweza manotsi ndi kulemba mayeso. Awa anagawika pawiri, a zaluso ndi a zasayansi, ndipo sankabwerekana ngakhale supuni.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko pomwe pamawomba mphepo, ndi pomwe pankakhala a masitazi yofufuza. Mchira wawo unali waufupi ngati kampango kopukutira thukuta. Mlandu wawo unali umodzi wokha: digiri yawo anaipeza pofunsa mafunso, ndipo khalidwe lotere silitha msanga mwa munthu. M'bwalomo anthu ankalankhula motsata kutalika kwa michira, ndipo belu la nkhomaliro linkalira nthawi zonse mpata usanafike kuchitseko.

Pamphepo pamenepo ndi pomwe pankakhala Tinenenji Chimbalanga. Iye masitazi yake anaipezera pansi pa Mlatho wa Muyaya, umene umalumikiza phiri la nyumba yachifumu ndi Msika wa Tipirire podutsa pamwamba pa mtsinje wa Sazengereza. Anzake akuloweza manotsi pamthunzi, iye anali m'matope ofika m'mawondo, akugogoda zipilala ndi kanyundo n'kumamvetsera mmene zikuyankhira. Pomaliza maphunzirowo anali atadziwa kuti masitazi yeniyeni ndi kudziwa kanthu kamodzi kakang'ono mpaka kayambe kukuwawa. Kanthu kakeko kanali kakuti chipilala chapakati cha mlathowo chinadyeka m'kati, ndipo tsiku limene anthu ambiri adzapondepo mwamphamvu nthawi imodzi, chidzakhala pansi. Anayesa kangapo kunena zimenezi m'bwalo, koma amene ankamuyankha ndi belu. Nkhaniyi sinali ya m'mabuku chabe kwa iye, chifukwa amayi ake, a Nachisale, amene anamuphunzitsa ndi tomato wa pabenchi yawo ku Tipirire, ankawoloka mlathowo ndi dengu pamutu pokasiya katundu kukhitchini yachifumu.

Tsiku lina galimoto ya mfumu inagunda mng'alu wa pakati pa mlatho, n'kudumpha, chisoti chachifumu n'kukhudza denga. Mng'aluwo unalipo kuyambira kalekale, mbuzi zinkaudumpha popanda kudandaula, koma unali usanakhale nkhani chifukwa unali usanakhudze chisoti. Bwalo linaitanidwa msangamsanga.

"Mlatho wanga wandigwedeza," inatero mfumu. "Ndikufuna kumva kwa ophunzira."

Anayamba ndi Nduna Yaikulu, a Gwaderani, mwini mchira wautali kuposa yonse. Anathokoza chisoti chifukwa chosapindika, anathokozanso denga la galimoto chifukwa cha mwayi umene linapeza, kenaka anati apereke kaye mpata kwa ang'onoang'ono, iwo adzatseka nkhani.

Wa zamalonda anaimirira akukonza tayi. "Mwini Dziko, vuto si mng'alu, vuto ndi dzina. Tikautcha zenera loonera mtsinje, alendo azibwera kudzajambulitsa, ndipo ife tidzaikapo mlonda wodula matikiti."

Wa zaluso anatseka maso asanalankhule. Anati mng'aluwo ndi njira imene mlatho ukufotokozera zakukhosi kwake, ndipo kuutseka ndi simenti kungakhale kuutseka pakamwa. Chofunika ndi kuulembera ndakatulo.

Wa zasayansi anavundukula manotsi ake kutsogolo ndi kumbuyo, thukuta lili kamukamu. "Mwini Dziko, mutu wa ming'alu sitinaufike. Aphunzitsi anati sudzabwera pamayeso. Choncho malinga ndi sayansi imene ife tinakhoza, mng'aluwo palibe."

Nthawi yonseyi mkono wa Tinenenji unali m'mwamba mpaka phewa linachita dzanzi. Pomaliza a Gwaderani anauona. "Inu a kuchitseko, mwachita bwino kukweza mkono," anatero. "Kokani chitsekocho, mphepo ikuulutsa michira ya akuluakulu."

Atatero anatembenukira kwa mfumu, akumwetulira ngati munthu amene watola chinthu panjira. "Mwini Dziko, yankho lili m'lamulo lanu lomwe. Mlathowu ukugwedezeka chifukwa ndi wosaphunzira. Kodi lamulo silikuti wa masitazi sagwa? Tiupatse masitazi."

M'bwalo aliyense anayang'ana nkhope ya mfumu kuti adziwe ngati nzeruyo ndi yabwino. Mfumu itagwedeza mutu movomereza, m'manja munawombedwa mpaka mawindo ananjenjemera. Chinatsala ndi mtundu wa masitaziyo. A m'kalasi anakana kuti mlatho sunalembe mayeso. A zamalonda anati sunadye nawo kuhotela ngakhale kamodzi. Wina wopanda nzeru anafunsa ngati yofufuza singachite, koma mfumu inakwinya nkhope.

"Sindikufuna mlatho womandifunsa kumene ndikupita," inatero.

Choncho anagwirizana za masitazi yaulemu. Mwambo udzachitikira pamlatho pomwepo. Amayi onse a Msika wa Tipirire adzavala nsalu ya nkhope ya mfumu n'kuvina pamlathopo kuyambira tsidya ili mpaka tsidya linalo, ndipo amene sadzabwera adzalandidwa benchi. Belu la nkhomaliro linalira, ophunzira n'kuthamangira mpunga.

Tinenenji sanadye. Anatsika phiri, anawoloka mlatho akuponda ngati pali mazira, n'kukapeza amayi ake akuunjika tomato m'milu. A Nachisale sanali mayi wamba pamsikapo. Ndiwo ankayambitsa nyimbo pa gule aliyense, ndipo woyambitsa nyimbo malo ake ndi pakati, pomwe phazi limagunda kwambiri.

"Amayi, musakavine pamlatho paja," anatero Tinenenji atakhala pa kreti. "Chipilala chapakati chinatha. Mukakaponda nonse pamodzi, mlatho ugwa."

A Nachisale sanadzutse n'komwe mutu. "Ndiye zaka zonse zija unkakwawa m'matope kuti udzatiuze zimenezi? Ife timadziwa, mwana wanga. Sunaone kuti tikamawoloka timasiya kulankhula? Timaopa kuti mawu angawonjezere kulemera."

Mayi wogulitsa anyezi pabenchi yoyandikana anaseka. "Musadandaule, asisi, akuti akuupatsa sukulu. Mwina ukaphunzira uyamba kugwa mwaulemu."

"Ndiye musapite," anatero Tinenenji.

"Tisapite, benchi ipite?" anafunsa a Nachisale. "Kenaka tizidya mchira wakowo? Ngakhale kupukutira mbale sukwana. Iwe Tine, tikakana kuvina njala ndi yotsimikizika. Tikavina, mwina mlatho upirira monga timapiririra ife. Amene anatiuza kuti tikwere ndi lamulo, amene angatitsitse ndi lamulo lomwelo. Iweyo si amene umakhala m'bwalomo? Kalankhule."

Tinenenji anachita manyazi kuwauza kuti m'bwalomo ntchito yake ndi kutseka chitseko. Anabwerera ali ndi mantha enieni, oti akatseka maso ankaona amayi a mumsika ndi ana kumbuyo akusefukira m'madzi, amayi ake ali pakati, nyimbo ikadali pakamwa.

Koma munthu wokhala pachitseko amaphunzira bwalo kuposa wokhala kutsogolo, chifukwa alibe china chochita. Tinenenji ankadziwa kuti pali njira imodzi yokha yodumphira michira yonse. Mwambo wa ku Tionekere umati aliyense amene wabwera kudzawonjezera ulemu pa chinthu chimene mfumu yachikonda, alankhule nthawi yomweyo, ngakhale mchira wake ukhale waufupi chotani. Wochenjeza amadikira belu, koma wotamanda sadikira.

Bwalo litakumana kukonzekera mwambo, a Gwaderani ali pakati pofotokoza za mtundu wa mabaluni, Tinenenji anaimirira.

"Mwini Dziko, ndabwera kudzawonjezera ulemu."

Makosi onse anatembenukira kuchitseko. Ena anali asanadziwe kuti kumeneko kumakhala anthu.

"Wonjezerani," inatero mfumu.

"Mwini Dziko, Mlatho wa Muyaya ukulandira masitazi yaulemu, digiri yoposa zonse m'dziko muno. Ndiye ine ndikufunsa mtima wanga kuti, kodi mnzathu wophunzira chotere tingamulole kupondedwa ndi mapazi osaphunzira? Mapazi ong'ambika, a fumbi, amene sanalowepo ngakhale pakhonde la yunivesite? Kodi a Nduna Yaikulu angalole kuti amayi a tomato awavinire pamsana? Ine ndikuti amayiwo avinire kumtunda, pagombe, poyenera msinkhu wawo. Pamlatho paponde okhawo a michira."

Mawuwo anatuluka mosalala moti iye mwini anadabwa, ndipo anamva kuwawa m'kamwa. Koma bwalo linasangalala koopsa. Palibe chimene chimakoma kwa wophunzira wa ku Tionekere kuposa kumva kuti pali malo amene ena saloledwa. A Gwaderani anawomba m'manja mokakamizika, akudandaula mumtima kuti nzeruyo sinatuluke mwa iwo.

Mfumu inamuyang'ana Tinenenji nthawi yaitali. "Ndimayesa a kuchitseko amangodziwa kufunsa," inatero. "Likhale lamulo kuyambira lero. Ndipo mayi ameneyu mumusokere mchira wautali. Pa tsiku la mwambo adzaime pambali panga, pakati penipeni pa mlatho, ndipo ndiye adzauveke mchira wake."

Apa ndi pomwe Tinenenji anazindikira kuti wadzitchera yekha msampha. Iye ankawerengera kuti monga mwa nthawi zonse adzakhala kumapeto kwa mzere, phazi limodzi pamlatho, lina pamtunda. Ulemu unamunyamula n'kukamuika pamwamba penipeni pa chipilala chake chodyeka chija. Kukana sakanatha, chifukwa akanangoonetsa mantha, a Gwaderani akanafunsa chifukwa, lamulo likanabwezedwa, amayi n'kubwerera pamlatho. Anagwada n'kuthokoza.

Galimoto ya chimkuzamawu inamutsogolera kumsika. Pamene ankafika ku Tipirire n'kuti italengeza kale lamulolo mzere uliwonse wa mabenchi, osasiya mawu ngakhale amodzi, mapazi ong'ambika ndi fumbi lomwe, ndiponso dzina la mwini nzeruyo. Inawonjezeranso kuti okasiya katundu kukhitchini yachifumu azidzera kumunsi, powolokera ng'ombe. Amayi amene ankamuitana kuti Tine kuyambira ali wamng'ono anayang'ana kumbali. Pabenchi ya amayi ake panali pataima tcheyamani wa msika, a Kamvetsera, munthu amene makutu ake ankadya kumsika koma pakamwa pake pankagwira ntchito kunyumba yachifumu.

A Nachisale atamuona mwana wawo, anapukuta manja, anatuluka kuseri kwa benchi, n'kupinda mawondo monga amachitira kwa alendo olemekezeka.

"Takulandirani, Madamu," anatero. "Tikuthandizeni chiyani? Tomato alipo, koma mutikhululukire, wabwera ndi mapazi osaphunzira."

"Amayi..."

"Ayi, musadzichepetse, Madamu. Amayi anu angakhale ndani pamsika wa fumbi ngati uno?" Anakweza phazi limodzi n'kuonetsa chidendene. "Ming'alu iyi mukuiona? Inang'ambika ndikunyamula madengu kuti wina avale nsapato za kusukulu. Sindinadziwe kuti ndikulipirira pakamwa podzandinyoza pa chimkuzamawu."

Tinenenji anayang'ana a Kamvetsera. A Kamvetsera anali akuyang'ana tomato, koma khutu lili chilili. Mawu amodzi okha ofotokoza akanafika kuphiri iye asanawoloke n'komwe mtsinje. Tinenenji ananena chimene chinali choyenera kuti tcheyamaniyo akanene.

"Lamulo ndi lamulo. Mudzavinire kumtunda."

"Zikomo, Madamu," anatero a Nachisale. "Muyende bwino pamlatho wanu."

Mawu akuti Madamu aja anamupweteka kuposa mmene mbama ikanamupwetekera. Masiku otsatira anayesa kuwapeza amayi ake paokha, koma ankangomutumizira mawu akuti ali otanganidwa ndi kuyeserera nyimbo.

Tsiku la mwambo linacha bwino, dzuwa lili phwee. Amayi a Tipirire anadzaza gombe la kumsika atavala nsalu za nkhope ya mfumu, ina m'chiuno, ina paphewa, ambiri ali ndi ana kumbuyo. A Nachisale anayambitsa nyimbo atafulatira mlatho, ndipo mapazi osaphunzira aja anagunda pansi mpaka fumbi linakwera. Tinenenji atamva kugunda kumeneko ali pamlatho, mtima wake unakhala m'malo pang'ono. Mphamvu yonseyo inali kulowa m'nthaka. Anadzilimbitsa mtima kuti ophunzira okha, oyenda pang'onopang'ono ngati opita kumaliro a munthu wosamudziwa, mlatho ukhoza kuwapirira tsiku limodzi.

Chimene sanadziwe n'chakuti a Gwaderani, posafuna kupambanidwa ndi mayi wa kuchitseko, nawonso anali atawonjezera ulemu wawo mwachinsinsi. Nyimbo ya fuko itatha, kunatulukira chigalimoto chonyamula chipewa cha omaliza maphunziro, cha makona anayi, chowumbidwa ndi simenti, chachikulu ngati denga la kantini. Chinabwerera chammbuyo mpaka pakati pa mlatho, ndipo anatsitsira chipewacho pamwamba penipeni pa mng'alu kuti alendo asauone.

Pansi pa nsapato zake Tinenenji anamva kaphokoso kamene ankakadziwa bwino kuposa mawu a mnzake aliyense. Chipilala chinali kuyankha.

Zolankhula zinayamba. Wa zaluso analakatula ndakatulo yake yonse. Wa zasayansi anatsimikizira mtundu wonse kuti mng'alu suoneka, zomwe tsopano zinali zoona. Wa zamalonda analengeza kuti ophunzira aziwoloka ndi makadi apadera. Kenaka anamupatsa Tinenenji mchira wa mlatho, chinsalu chachikasu chotalika ngati msewu, kuti aumangirire pachitsulo cha m'mphepete. Anaumanga, mchira wake watsopano uja ukumulemera kukhosi. Anaponya maso kugombe. Amayi ake anali akadafulatira.

A Gwaderani anakweza manja. "Mwa mphamvu zimene Mwini Dziko wandipatsa, ndikukuveka iwe Mlatho wa Muyaya digiri ya masitazi yaulemu. Kuyambira lero sulephera, sufunsidwa, ndipo su..."

Mlatho sunadikire kuti amalize. Unayamba wagwada pakati, mwaulemu ndithu monga ananenera mayi wa anyezi, kenaka unakhala pansi. Chipewa cha simenti chinatsogola, chigalimoto chinatsatira, ndipo pambuyo pake ophunzira onse a Ufumu wa Tionekere anatsetserekera mu Sazengereza motsata kutalika kwa michira yawo, aulemu poyamba monga mwa mwambo. A masitazi yofufuza, amene anali kumapeto kwa mzere, anangobwerera phazi limodzi n'kupezeka ali pamtunda.

Ng'oma zinaleka. Madzi anali ofika pachifuwa koma othamanga, ndipo mkanjo ukanyowa umalemera kuposa mwini wake. Michira yaitali ija inakulungana m'zitsulo za mlatho, moti amene anali wolemekezeka kwambiri ndi amene anakodwa kwambiri. Mfumu inali itakumbatira chipilala chothyoka, chisoti chikupita kumunsi chokha.

"Thandizeni!" anakuwa a Gwaderani, madzi akulowa m'kamwa. "Amayi inu, thandizeni!"

Mayi wa anyezi anafika m'mphepete mwa madzi, manja ali m'chiuno. "Pepani bwana, tifunse kaye," anakuwa. "Madziwa agwiramo a masitazi. Mapazi athuwa akuloledwa?"

Koma ankafunsa akumasula kale nsalu ya paphewa. Amayiwo analumikiza nsalu zawo mfundo ndi mfundo, nkhope ya mfumu kumangidwa ku nkhope ya mfumu, n'kuponyera m'madzi. Anawavuula ophunzirawo mmodzimmodzi. Amene anakana kuvula mkanjo anamusiya kaye aganize bwino, ndipo palibe amene anaganiza nthawi yaitali.

Tinenenji sanathe kugwira nsalu. Mchira wake watsopano unali utakodwa pachitsulo pansi pa madzi, ukumukokera chagada, ndipo akati adzutse mutu, mtsinje unkamubweza. Anamwa madzi, kuwala kunayamba kuzilala. Kenaka anamva dzanja lokhakhala likumugwira pakhosi pa mkanjo, ndi mpeni ukucheka nsalu kumbuyo kwake. Unali mpeni wa pabenchi, wodulira kabichi. A Nachisale anamukokera kumtunda, anamugoneka chammbali pamchenga, n'kumumenya kumsana mpaka anasanza mtsinje wonse.

Palibe anafa tsiku limenelo, ndipo ophunzira asanaume n'komwe, galimoto ya chimkuzamawu inali itayamba kale kuzungulira. Inalengeza kuti mphekesera zakuti Mlatho wa Muyaya wagwa ndi zabodza, pakuti wa masitazi sagwa. Mlathowo wapita kukapitiriza maphunziro, ndipo udzabwera ndi digiri yachitatu.

A Nachisale anakhala pamchenga pambali pa mwana wawo, akupuma mwamphamvu, chidutswa cha mchira chili m'manja. Anayang'ana amayi anzawo pagombe, onse amoyo, ana akuyamwa. Anayang'ana pakati pa mtsinje pomwe madzi ankazungulira pa chipewa cha simenti, malo enieni amene woyambitsa nyimbo akanaima. Anayang'ana pamenepo nthawi yaitali.

"Iwe Tine," anatero potsiriza. "Unkadziwa."

"Ndinkadziwa, amayi."

"Ndiye unakwerapobe."

"Ndikanakana akanakubwezeranipo inu."

A Nachisale anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunamizira madzi a mumtsinje. Anafinya chidutswa cha mchira chija, anachipota bwinobwino mpaka chinakhala nkhata, n'kuchiika pamutu kuyesa ngati chikukhala. Chinakhala.

"Nsalu yabwino," anatero. "Koma ndikuuze chimodzi, mwana wanga. Zoti unatipulumutsa ndaziona, ndipo ndidzazinena mpaka kufa. Chimene chikundiwawabe n'chakuti mawu aja, a mapazi ong'ambika, a fumbi, sunavutike kuwafuna. Unali nawo pafupi."

Tinenenji anatsegula pakamwa kuti akane. Anafufuza mumtima mwake monga anaphunzitsidwira kufufuza, akugogoda paliponse n'kumvetsera, ndipo atamva kuti namonso muli podyeka, anatseka pakamwa.

A Nachisale anaimirira, anasenza dengu lawo la katundu wa kukhitchini yachifumu pankhata yatsopanoyo, n'kumutambasulira dzanja.

"Dzuka. Vula nsapatozo, tidzera powolokera ng'ombe."